Ine ndi Changu pa Ulenje wa Eni Ake

Mukanandifunsa zaka zingapo zapitazo ngati ndimadziwa kusaka, ndikanakuyang'anani modabwa kuti funso lotere likuchokera kuti. Ndinakulira ku Kasungu, m'mudzi momwe tchire likapsa cha mu Seputembala ndi Okutobala amuna ankatuluka kupita ku uzimba ndi zibonga, mikondo ndi agalu, ndipo amalume anga anali mlenje womveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ine ndinkawanyamulira chibonga chachiwiri. Ndinkadziwa kukhwirizira galu, ndinkadziwa kutsekereza gwape kuti asalowe m'bango, ndinkadziwanso kuti kalulu akadzuka pamapazi pako sudikira chilolezo cha munthu, umangoponya. Nzeru zimenezi ndinakwera nazo ndege zonse, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ulenje ndi umodzi pa dziko lonse lapansi.

Pano ndimakhala kumpoto kwa England, m'katauni kena kufupi ndi Hexham ku Northumberland, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri ma night shift. Ndi dera la nkhosa, mipanda ya miyala ndi tinkhalango todzala dala m'mbali mwa zigwa. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti pa esiteti ina akusowa anthu othandiza pa shoot Loweruka, ndipo atandifunsa ngati ndinayamba ndaonako zosaka, ndinamuyankha ndi mawu amene mpaka lero amandiwotcha m'makutu. Ndinati ndinabadwira momwemo.

Zimene ndinayenera kufunsa ndi izi. Mbalame imene amasaka kwambiri kuno ndi pheasant, yokulirapo kuposa nkhwali, tambala wake wa mchira wautali, mutu wobiriwira ndi nkhope yofiira. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ndipo zambiri zimene zimawomberedwa sizibadwira kutchire. Amaziweta, n'kuzitulutsira m'makola a waya m'nkhalango cha mu Julayi kapena Ogasiti zili ndi masabata 7 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo kuyambira apo pali munthu mmodzi, gamekeeper, amene amadzuka kusanache tsiku lililonse kuzithirira tirigu, kuzitungira madzi ndi kuziteteza ku nkhandwe. Nyengo yoziwombera imayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 1 Febuluwale, ndipo ku England lamulo la mu 1831 limaletsa kutero Lamulungu ndi tsiku la Khirisimasi. Tsiku la shoot, anthu a mfuti amaima m'chigwa, aliyense pa chikhomo chake cholembedwa nambala, sasuntha. Ife ma beater timalowa m'nkhalango kuchokera kumbali ina, titandanda mzere umodzi wowongoka, tikuyenda pang'onopang'ono ndi kugogoda mitengo ndi ndodo, kuti mbalame ziyende pansi kutsogolo kwathu n'kumadzuka zochepazochepa, n'kuuluka m'mwamba kwambiri podutsa pa anthu a mfuti aja. Luso lonse lagona pa zochepazochepa zimenezo.

Ine ndinangomva mawu amodzi, kusaka. Ndinafika nditavala jekete yofiira, jinzi yatsopano ndi nsapato zoyera zothamangira, poti kwathu mlenje amadalira liwiro, ndipo ndinapeza aliyense ali mu zobiriwira ndi zofiirira, majekete opaka phula a Barbour amene amachokera ku South Shields komweku, magambutsi, ndi zophimba m'miyendo zoteteza ku minga. Palibe anaseka. Anandipatsa ndodo ndi malo anga mumzere.

Tisanayende patali ndinamva tswa tswa m'masamba, ndinaona michira yaitali ikusowera m'zitsamba, magazi anandithamanga, ndipo ndisanadzifunse chilichonse ndinali nditakuwa kale kuti "Izo! Izo! Tsekerezani uko!" m'Chichewa chenicheni, ndikudumpha minga imene inang'amba jinzi ija kuyambira m'bondo mpaka m'chiuno, nsapato imodzi itatsalira m'matope, anzanga akufuula kumbuyo kuti "Hold the line!" ine n'kumayesa akundichemerera, mpaka ndinatulukira pangodya ya nkhalango pomwe mbalame zonse zinasonkhana kudikira kudzutsidwa bwinobwino, ndipo zinadzukira pamodzi, phuu, thambo lonse bii, zina kubwerera pamitu pa anzanga, zina kulowera kumunda wa eni ena, anthu a mfuti kumusi kuja n'kungowombera kangapo basi, kenako zii. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma tambala wina wotsalira anadzuka pamapazi panga penipeni, ndipo dzanja limene linaphunzitsidwa ndi amalume linachita zimene linaphunzitsidwa. Ndodo inauluka. Mbalame sinakhudzidwe ndi nthenga yomwe, ndodo inakagwera mumtsinje, ndipo anthu onse mumzere anaiperekeza ndi maso mpaka inamira.

A gamekeeper anabwera pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangondiuza motsitsa mawu kuti ndodo ndi yogogodera, ndipo anandilozera chigwa chija n'kundifotokozera kuti mbalame zimene ndinabalalitsa mu mphindi imodzi anakhala akuzizoloweza malo amenewo kuyambira chilimwe. Ndinaima pamenepo ndi nsapato imodzi, ndikugwirizira nsanza za jinzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa kuti ndaononga ntchito ya munthu. Madzulo anandipatsabe kandalama kanga ndi brace yanga, tambala ndi thadzi zomangidwa pamodzi m'khosi, monga amapatsira aliyense.

Ndinaganiza zobweza ulemu wanga kukhitchini. Nkhuku ndasosola zosawerengeka pamoyo wanga, choncho ndinawiritsa madzi n'kuviikamo mbalame zija monga timachitira, osadziwa kuti khungu la pheasant ndi lopyapyala ndipo amalisosola louma, nthenga zochepa nthawi imodzi. Nthenga zinachoka pamodzi ndi khungu. Ndinaziika mu uvuni zili choncho, n'kuzipatsa nthawi imene ndimapatsa nkhuku yonenepa ya kusitolo, n'kuwonjezerapo ina kuti ndikhale wotsimikiza. Mbalame imeneyi ilibe mafuta, n'chifukwa chake eni ake amaikuta pachifuwa ndi bacon ndi kuitulutsa msanga, ola lisanakwane. Yanga inatuluka youma gwa ngati chikopa cha ng'oma. Ana anatafuna mwaulemu kwa nthawi yaitali, kenako wamng'ono anafunsa ngati m'firiji mwatsala nyemba za dzulo.

Nditafotokoza kuntchito, anandiuza kuti mbalamezi amayamba azipachika m'khosi, nthenga ndi matumbo zili momwemo, kwa masiku angapo kuti nyama ifewe ndi kukoma. Chiganizocho chinali ndi mbali yachiwiri, yakuti malo ake akhale ozizira ndi opita mphepo, koma ine ndinali nditayamba kale kugwedeza mutu ngati wodziwa. Brace yotsatira ndinaipachika m'kachipinda momwe muli boiler, chifukwa ndinaona kuti ndi mwamdima ndipo mphaka wa aneba sangalowemo, ndipo ndinaganiza kuti ngati masiku ochepa amakometsa ndiye ambiri akometsa koposa. Fungo litayamba ndinauza banja kuti ndi mmene zimayenera kukhalira. Litalowa m'matawulo ndi m'mayunifolomu a ana ndinanenabe chimodzimodzi. Akazi anga, Mayi a Chisomo, anandiyitana kukhitchini n'kutseka chitseko kuti ana asamve.

"Bambo a Chisomo, ndakulemekezani mokwanira. Pitani mukaone nokha chimene mwapachika muja."

Ndinapita. Sindifotokoza zimene ndinaona pamimba pa mbalame zija, chifukwa mwina mukuwerenga mukudya. Ndinazitulutsa usiku, zitakulungidwa m'mapepala apulasitiki angapo, ndikuyenda chonyang'ama kuti aneba asandione.

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Chimene chinandibwezera kunkhalango kuja ndi agalu. Kumbuyo kwa anthu a mfuti kumaima anthu otola mbalame zimene zagwa, ndipo pakati pawo panali mayi wina wachikulire, wa tsitsi loyera mbuu, ndi ma Labrador ake akuda. Mfuti zikulira, mbalame zikugwa patsogolo pawo, agalu aja anali khale pansi, akunjenjemera ndi chilakolako koma osasuntha. Zonse zitatha mayi uja anatchula dzina limodzi motsitsa, galu mmodzi yekha ananyamuka, anawoloka mtsinje, mayi analiza wenzulo kamodzi, galu anaima n'kucheuka, mayi analoza kumanzere, galu anapita kumanzere, ndipo anabwera ndi mbalame m'kamwa n'kuipereka m'manja mopanda bala la dzino ngakhale limodzi. Ndinaona agalu olimba mtima ambiri ku uzimba, ena ndinawalira atafa, koma chinthu chotere ndinali ndisanachionepo, ndipo kukhosi kwanga kunauma.

Pa nthawi ya elevenses, pamene onse amaima kumwa supu wotentha, kudya ma sausage roll ndi kulawa sloe gin, ndinawafunsa mayi aja za agalu awo. Anandiuza kuti makolo a Labrador anali agalu a asodzi ku Newfoundland, okoka maukonde ndi kutola nsomba m'madzi ozizira, amene anafika ndi zombo padoko la Poole m'zaka za m'ma 1800, ndipo mabanja a Earl of Malmesbury ndi Duke of Buccleuch ndi amene anawasunga ndi kuwaswanitsa mpaka Kennel Club inawavomereza mu 1903. Anawonjeza kuti kwa munthu woyamba kumene Labrador ndiye galu woleza, ndipo anandichenjeza za ma spaniel, agalu a makutu aatali amene amasaka m'minga mumzere wa ma beater. Anati kumeneko amanena kuti Labrador amabadwa ataphunzira kale theka, pomwe spaniel amafa ataphunzira theka lokha. Ndinathokoza kwambiri chifukwa cha malangizowo. Patangopita miyezi yochepa ndinagula springer spaniel, chifukwa ndinaona mmene amathamangira ndipo mtima wanga unati galu ndi ameneyu.

Tinamutcha Changu. Mayi a Chisomo atamva mtengo wake, kuphatikizapo katemera, microchip imene lamulo limafuna kuyambira 2016, ndi inshuwalansi ya mwezi ndi mwezi, anakhala chete kwa nthawi, kenako anangoti safunsa anadya phula, n'kupita kukamuyalira bulangete pafupi ndi chitofu.

Ndinagula wenzulo ya Acme 210.5, imene anthu a ma spaniel amakonda, ndi kathumba ka kanvasi kophunzitsira kutola kamene amati dummy, ndipo ndinaonera mavidiyo a pa YouTube nthawi ya break usiku, ambiri mpaka pakati pokha. Chilichonse chimene chimaononga galu wa mtundu umenewu ndinachichita, ndipo ndinachichita mwachikondi. Wenzulo ili ndi chinenero chake, kuliza kamodzi motalika ndiye kuti ima ukhale pansi, kawiri ndiye tembenuka, kangapo motsatizana ndiye bwera, koma ine ndinkailiza paliponse ndi mulimonse, pomuyitana, pomuyamikira, ngakhale pongosangalala, mpaka Changu anaitenga ngati phokoso chabe la bambo wake. Akabwera ndi dummy ndinkalimbirana naye, iye kukoka uko ine kukoka kuno, ana akuseka, osadziwa kuti ndikumuphunzitsa kuluma zolimba chinthu chimene ayenera kuchinyamula mofewa. Ndinkamuponyera mpira wa tenisi madzulo aliwonse n'kumulola kunyamuka mpira usanagwe. Ndipo tikapita kumunda wa mlimi wina amene anandilola kuyendako, kalulu wa kuuna akadzuka, ndinkakuwa "Gwira! Gwira!" ndi chimwemwe chonse cha ubwana wanga, galu n'kusowa kuseri kwa phiri, ine n'kumauza aliyense kuntchito kuti ndili ndi galu wa moto.

Anthu odziwa satengera spaniel ku shoot asanakwanitse chaka ndi theka kapena kuposerapo. Changu ndinamutenga ali ndi miyezi 9, mu Disembala, nditauza a gamekeeper kuti ndimugwira pachingwe tsiku lonse, ndipo ndinkanenadi zoona panthawiyo. Koma pa drive yachiwiri, ndiko kuti ulendo wachiwiri wodzutsa mbalame tsikulo, anayenda bwino kwambiri pambali panga moti ndinaganiza kuti n'kulakwira anthu kuwabisira galu wotere, ndinamasula chingwe, ndipo tisanalowe n'komwe m'nkhalango kalulu wamkulu wa m'minda, amene kuno amati hare, anadzuka paudzu, pakamwa panga panatuluka "Gwira!" ndisanapatseke, Changu anachoka, kalulu analowa m'nkhalango momwe munali mbalame, Changu pambuyo pake akuuwa, mbalame zikudzuka mbali zonse anthu a mfuti asanafike n'komwe pa zikhomo zawo, ine ndikuliza wenzulo kamodzi, kawiri, kangapo, zonse pamodzi, mpaka inandipulumuka n'kugwera m'matope, kalulu anatulukira kumusi n'kudutsa pakati pa anthu a mfuti, wina wa iwo akufunsa mokweza kuti "Whose dog is that?" chigwa chonse n'kubwereza funsolo, kenako onse awiri anadutsa pansi pa geti n'kulowa m'munda wa nkhosa, ndipo ndinaona nkhosa zonse zikuthamangira kungodya imodzi.

Apa mantha enieni anandigwira, ndipo anali oyenera. Nkhosa za mu Disembala zimakhala ndi bere, ndipo kuthamangitsidwa kokha kungathe kuzichititsa kutaya ana. Lamulo la mu 1953 limati mwini galu wovutitsa ziweto wapalamula mlandu, ndipo pali lamulo lina limene limateteza mlimi akawombera galu wotere ngati palibe njira ina yomuletsera. Kukhwirizira galu pa hare nakonso n'koletsedwa ndi Hunting Act ya mu 2004. Mawu amodzi aja ndinaika nawo pangozi nkhosa za munthu, moyo wa galu wanga ndi dzina la anthu amene anandilandira. Mwamwayi Changu analibe nazo ntchito nkhosa, anangodutsa. Anabwerera yekha patapita nthawi, lilime panja, anadzera pangolo pomwe anapachika mbalame za drive yoyamba, anatsomphola imodzi, n'kubwera nayo kwa ine pamaso pa anthu onse, akugwedeza mchira, ndipo nditatambasula dzanja anayamba kukoka monga ndinamuphunzitsira. Ndinatsala ndi phiko m'manja.

Galu sanalakwe kalikonse. Anachita bwinobwino zonse zimene ndinamuphunzitsa, mu dongosolo lake. Madzulo omwewo ndinapita kwa mwini nkhosa zija ndi kwa a gamekeeper kukapepesa, chipewa chili m'manja, ndipo ndinawasiyira nambala yanga kuti nkhosa ina ikataya mwana ndilipire. Miyezi yonse mpaka nyengo yoswa, foni ikalira nambala yachilendo mtima unkandigunda.

Za sloe gin ndingodutsapo. Zipatso zake, za mtengo waminga wa blackthorn, zimafuna miyezi itatu m'botolo ndi shuga. Langa ndinalitsegula sabata yachiwiri, ndipo amene analawa anakhosomola mpaka misozi.

Choipa kwambiri kukhitchini chinadza nditayamba kudziwako. Ndinali nditaphunzira kusenda mbalame m'malo mosasola, kuchotsa mitsempha yolimba ya m'miyendo, ndipo Mayi a Chisomo anali atapeza njira imene imaposa zonse zimene ndinaona pa intaneti, kuiphika pamoto wochepa ndi anyezi, tomato ndi adyo mpaka nyama isiyane ndi fupa, n'kudyera nsima. Ndinayitana akuluakulu a mpingo wathu wa Amalawi kuchokera ku Newcastle, ndinaumirira kuti ndikonza ndekha nyama, ndipo pofulumira sindinapapase chifuwa chilichonse ndi zala kufufuza tizipolopolo ta mtovu, kapena kudula malo amene tinadutsa, monga aliyense wophika nyama yowomberedwa amachitira. Titangopemphera, mkulu wa mpingo, bambo wa zaka zoposa za bambo anga, anatema mbamu yoyamba, anasunsa, anaika nyama m'kamwa, ndipo tonse tinamva kuti khe. Analavulira m'dzanja kachipolopolo ndi kachidutswa ka dzino.

"Musadandaule, achimwene," anatero atagwira tsaya. "Ndiwo ndi zokoma. Dzinoli linali lotopa kale."

Anamaliza mbale yonse akutafunira mbali imodzi pofuna kundichotsera manyazi, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwonjezera manyaziwo. Ndalama ya dokotala wa mano anakana katatu, ndinachita kukaipereka kudzera mwa akazi awo.

Ngakhale Changu anachita zonse zija, a gamekeeper sanandithamangitse. Anandipatsa ntchito ya stop, yoima ndekha pangodya ya nkhalango kuyambira m'mawa, ndikugogoda waya wa mpanda pang'onopang'ono kuti mbalame zisatulukire kumeneko. Ndi ntchito imene amapatsa ana ndi okalamba, ndipo ndimaikonda kuposa mmene ndingafotokozere. Umaima pachisanu zala zitauma, ukumva kugogoda kwa anzako kukuyandikira kuchokera kutali, ukuona mbalame zikubwera pansi, zikuima, zikukuyang'ana, zikubwerera kumene zikufunika, ndipo umadziwa kuti drive ikuyenda bwino mwa zina chifukwa iwe sunasunthe.

Mayi a ma Labrador aja anavomera kutithandiza, ndipo lamulo lawo loyamba linali lakuti wenzulo ikhale m'thumba mpaka adzandiuze. Tinayambira kukhitchini, Changu kukhala pansi kutsogolo kwa mbale ya chakudya mpaka ndimulole, kenako pabwalo, kenako kumunda ali pachingwe chachitali. Mpira wa tenisi ana anaubisa. Zinatenga chilimwe chonse ndi nyengo ina ya shoot imene Changu anaithera kunyumba.

Loweruka lapitali, nyengo itatsekedwa, tinapita naye kumunda wa mayi aja komwe kuli akalulu ambiri. Anandiuza kuti ndimasule chingwe. Changu anayamba kusaka patsogolo panga, kumanja, kumanzere, mphuno pansi, osapitirira pomwe ndingaponye mwala, ndipo kalulu anadzuka pansi pa mphuno yake penipeni. Ndinaluma lilime, ndinaliza wenzulo kamodzi, motalika. Anakhala pansi. Kalulu akuthawa poyera, galu wanga ali khale, akunjenjemera thupi lonse, akundiyang'ana. Chimene ndinayenera kuchita ndi kuyenda mwakachetechete kupita pomwe anali n'kumusisita. Ine ndinaponya chipewa m'mwamba, ndinakuwa dzina lake ndi mawu onse amene ndili nawo, ndikudumpha ndi kuwomba m'manja, ndipo Changu, atamva phokoso limene ankalidziwa bwino kuyambira ali mwana, ananyamuka n'kutsata kalulu uja mpaka kuseri kwa mpanda wa miyala. Mayi aja anatola chipewa changa, anachikutumula, n'kundipatsa. Anati Lolemba tiyambirenso pa mbale ya chakudya, ndipo ulendo uno azidzaima pafupi ndi ine.